Ulendo wa ku Yunivesite Umayambira mu Fomu 3

Anthu ambiri kwathu kuno amaganiza kuti nkhani yofunsira malo ku yunivesite imayamba zotsatira za mayeso a Fomu 4 zikatuluka, pamene bungwe la National Council for Higher Education, limene tinazolowera kulitchula kuti NCHE, lalengeza kuti ophunzira ayambe kutumiza mafomu awo. Ine ndine mphunzitsi wa ku sekondale, ndipo chifukwa chokhala pansi chaka ndi chaka ndi ophunzira pamodzi ndi makolo awo pa nthawi yodzaza mafomuwo, maganizo anga ndi osiyana. Pofika tsiku limenelo mwayi wambiri umakhala utapita kale, ndipo fomu ija imangotsimikizira zimene mwanayo anasankha, kapena zimene ena anamusankhira, zaka ziwiri m'mbuyomo. Ntchito yeniyeni imagwiridwa m'masabata oyambirira a Fomu 3, pamene wophunzira amasankha maphunziro amene adzalembe pa mayeso a MSCE, ndipo n'zodandaulitsa kuti nthawi yofunika chotere imadutsa mwakachetechete, makolo ambiri osadziwa n'komwe kuti pali chosankha.

Kuti nkhaniyi imveke bwino, tiyambe ndi momwe bungwe la MANEB limaperekera magiredi. Phunziro lililonse limapatsidwa nambala kuyambira 1 mpaka 9. Wopeza 1 kapena 2 wakhoza mwapamwamba zedi, kuyambira 3 mpaka 6 ndiye kirediti, 7 ndi 8 ndi kungokhoza chabe, pamene 9 ndi kulephera. Mapointi amene amatchuka m'mudzi monse zotsatira zikatuluka amapezeka pophatikiza magiredi a maphunziro 6 amene wophunzira wachita bwino koposa, n'chifukwa chake katswiri wopambana onse amapeza mapointi 6, ndipo nambalayo ikamakwera mwayi umanka nuchepa. Kuti munthu aganiziridwe n'komwe ku yunivesite ya boma ayenera kukhala ndi makirediti 6, ndipo imodzi mwa makirediti amenewa ikhale ya Chingerezi.

Chimene chimasocheretsa ambiri n'chakuti chiwerengero cha mapointi chimamveka ngati ndicho chokhacho chofunika. Agogo, amalume ndi anthu a kutchalitchi onse amafunsa funso limodzi, loti mwanayo wapeza mapointi angati. Koma pulogalamu iliyonse ya ku yunivesite ili ndi maphunziro ake amene imafuna, ndipo mpikisano umachitika pakati pa okhawo amene akwaniritsa zofunikazo. Tiyerekeze mtsikana amene wapeza mapointi 13 kuchokera m'Chingerezi, Chichewa, Geography, History, Bible Knowledge ndi Ulimi, koma Masamu anapeza 7 ndipo Physics anaisiya atangolowa Fomu 3. Kwawo amuimbira nthungululu, ndipo n'koyenera kutero pakuti wagwira ntchito yaikulu, koma iye sangafunsire uinjiniya, udokotala, ngakhale maphunziro owerengetsa ndalama, pamene mnzake wa mapointi 18 amene anachita bwino Masamu, Physics, Chemistry ndi Biology ali ndi ufulu wofunsira zonsezo. Kufotokozera bambo kapena mayi wa mwana wotere kuti mapointi 13 sakukwanira pa zimene banja lakhala likulakalaka ndi imodzi mwa ntchito zowawa zimene mphunzitsi amakumana nazo.

Tsono taonani momwe kusankha kwa mu Fomu 3 kumachitikira m'masukulu ambiri. Mwana wazaka 15 kapena 16 amapatsidwa masiku ochepa kuti anene maphunziro amene atenge ndi amene asiye. Wina amasiya Physics chifukwa anzake onse apamtima aisiya, wina amathawa Chemistry chifukwa anamva kwa a Fomu 4 kuti mphunzitsi wake ndi wovuta, wina amangoikidwa m'kalasi ina chifukwa kalasi ya sayansi yadzaza. Kale Physics ndi Chemistry zinali phunziro limodzi lotchedwa Physical Science, koma m'silabasi ya masiku ano ndi maphunziro awiri osiyana, zimene zikutanthauza kuti wophunzira angathe kutenga limodzi n'kusiya linalo, osazindikira kuti mapulogalamu ambiri a sayansi, a zaumoyo ndi a uinjiniya amafuna onse awiri pamodzi ndi Masamu, ndipo a zaumoyo amafunanso Biology. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba, ndipo pa nkhani iyi mawuwa ndi oona ndithu, pakuti phunziro limene mwana walisiya mu Fomu 3 n'lovuta kulitolanso mu Fomu 4, ntchito ya chaka chathunthu itamudutsa.

Sindikunena kuti mwana aliyense atenge sayansi. Dziko likufunanso aphunzitsi a zilankhulo, atolankhani, akatswiri a zachuma, a zachikhalidwe ndi a zamalamulo, ndipo kukakamiza mwana wokonda kulemba ndi kuwerenga kuti akhale dokotala ndi njira yachidule yomupezetsa magiredi a 8 ndi 9. Chimene ndikutsutsa ndi kusankha kosaganizira. Mayeso a JCE, amene anabwezeretsedwa mu 2021 atathetsedwa kwa zaka zingapo, amapereka umboni wabwino wa kumene mwana ali ndi mphamvu, ndipo malipoti a matemu onse a Fomu 1 ndi Fomu 2 amaonjezera pa umboniwo. Kholo limene lingatenge mapepala amenewa n'kupita kukakhala pansi ndi mphunzitsi wa kalasi temu yoyamba ya Fomu 3 isanapite patali lachita chinthu chachikulu kuposa kulipira maphunziro apadera a patchuthi cha Fomu 4. Aphunzitsi ambiri amakondwa kholo likabwera ndi funso lotere, popeza nthawi zambiri makolo timawaona pokhapokha mwana wapalamula kapena fizi yavuta.

Pali chinthu china chimene sitingachibise. Mwana wa pasukulu ya boma yogonera konko, kapena ya mishoni yokhala ndi labotale yokwanira, sayamba mpikisanowu mofanana ndi mwana wa pasukulu yoyendera ya kumudzi, ija timaitcha CDSS, kumene mwina kulibe labotale, kulibe magetsi, ndipo mphunzitsi mmodzi akuphunzitsa Masamu, Physics ndi Chemistry makalasi onse anayi. Pa masukulu ena otere phunziro lina la sayansi siliphunzitsidwa n'komwe. Ngati mwana wanu ali pasukulu yotere ndipo akulakalaka unamwino kapena uinjiniya, nthawi yofunsa ngati maphunziro ofunikawo alipo ndi pamene ali mu Fomu 2, kuti ngati n'kotheka apemphe kusamutsidwa, kapena sukulu ikambirane ndi sukulu yoyandikana nayo yokhala ndi zipangizo kuti ana azikaona ndi kugwira okha zimene adzafunsidwe pa mayeso a mulabotale. Mwana amene akugwira chipangizo choyezera koyamba pa tsiku la mayeso amanjenjemera, ngakhale atakhala kuti buku lonse analiloweza pamtima.

Chachiwiri chimene wophunzira ayenera kuchita adakali kusekondale ndicho kudziwa mayunivesite enieniwo ndi zimene amaphunzitsa, chifukwa zinthu zinasintha ndipo ambiri a ife akuluakulu tikulankhulabe za dzana. Mu 2021 University of Malawi inagawidwa patatu. Imene tinkaitcha Chancellor College ku Zomba ndiyo inatsala ndi dzina la University of Malawi, kapena kuti UNIMA, ndipo kumeneko n'kumene kuli maphunziro a uphunzitsi, sayansi, zamalamulo, zachikhalidwe ndi zaluso. Polytechnic ya ku Blantyre inasanduka Malawi University of Business and Applied Sciences, kapena kuti MUBAS, kwawo kwa uinjiniya, zamalonda, zomangamanga ndi utolankhani. College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zinaphatikizidwa n'kukhala Kamuzu University of Health Sciences, KUHeS. Bunda inali itachoka kale n'kukhala LUANAR, imene imaphunzitsa zaulimi, zachilengedwe, zakudya ndi udokotala wa ziweto, ndipo Natural Resources College ili pansi pake. Mzuzu University ku Luwinga ili ndi mapulogalamu amene ana a m'chigawo chapakati ndi chakummwera samawaganizira kawirikawiri, monga zankhalango, zansomba, zokopa alendo ndi kasamalidwe ka malaibulale. Palinso Malawi University of Science and Technology, MUST, ku Ndata m'boma la Thyolo, imene inatsegulidwa mu 2014 ndipo imaphunzitsa zinthu monga uinjiniya wa zipangizo zachipatala, zamiyala ndi zanyengo. Makolo akamanenabe kuti mwana wanga apite ku Chanco kapena ku Poly palibe cholakwa, koma pafomu mayina amenewo sadzawapeza.

Uphungu umene ndimapereka kwa wophunzira aliyense wa Fomu 2 ndi Fomu 3 ndi wosavuta: apeze chilengezo cha NCHE cha chaka chatha, chimene chimatuluka m'nyuzipepala ndi pa intaneti, ndipo achiwerenge monga momwe amawerengera buku la mayeso. M'chilengezocho pulogalamu iliyonse imalembedwa pamodzi ndi maphunziro amene imafuna. Asankhe mapulogalamu angapo amene amukopa, akopere zofunika zake patsamba lomaliza la kope, ndipo temu iliyonse aziyerekeza magiredi ake ndi zimene analembazo. Kuwerenga kotere kumaululanso zinthu zimene mphekesera za kusukulu sizinena. Ku UNIMA, mwachitsanzo, mwambo wakhala woti munthu salowa maphunziro a zamalamulo molunjika kuchokera ku Fomu 4, koma amayamba waphunzira pulogalamu ina n'kukhoza bwino, kenaka n'kupikisana ndi anzake kuti alowe. Ofuna udokotala amene ali ndi MSCE amayamba ndi chaka chokonzekera cha sayansi asanalowe m'maphunziro enieni a udokotala. Zofunika zina zimasinthasintha, kuphatikizapo zaka za mayeso zimene zikuloledwa kufunsira, motero chilengezo chakale n'chothandiza pokonzekera basi, ndipo cha chaka chimene munthu akufunsira ndicho ayenera kuchitsata liwu ndi liwu.

Pa maphunziro onse, awiri ndi amene ndimafuna kuti mwana aziwaopa moyenera, Chingerezi ndi Masamu. Wopeza 7 m'Chingerezi watsekeredwa kunja kwa mayunivesite onse a boma, ngakhale atapeza 1 m'maphunziro ena onse, ndipo zimenezi zimagwera kawirikawiri ana anzeru a sayansi amene amaona mabuku a nthano ndi ndakatulo a m'silabasi ngati kutaya nthawi. Chingerezi sichikonzeka m'miyezi itatu yomaliza. Chimafuna kuwerenga tsiku ndi tsiku, kaya ndi nyuzipepala yakale, ndi kulemba zimangirizo zimene mphunzitsi azichonga n'kubweza. Masamu nawo amafunidwa ndi mapulogalamu ambiri amene ana saayembekezera, monga a zamalonda, a zachuma ndi a kompyuta, kotero kuti wophunzira amene wasankha mbali yosakhala ya sayansi asaganize kuti wapulumuka. Kirediti ya 6 ya Masamu imatsegula mapulogalamu ochuluka kuposa 1 ya phunziro lina losavuta limene mwana walitenga pofuna kungotsitsa mapointi.

Nkhani ya zikalata ndi yaifupi koma yavutitsa anthu ambiri. Dzina limene mwana walembetsa ku MANEB mu Fomu 4 ndilo lidzakhale pa satifiketi yake moyo wonse, choncho liyenera kufanana chilembo ndi chilembo ndi limene lili pa chiphaso cha unzika, chimene bungwe la National Registration Bureau limapereka munthu akakwanitsa zaka 16. Kwathu kuno si zachilendo kuti mwana adziwike ndi dzina la agogo kupulayimale, la bambo kusekondale, ndipo tsiku lobadwa lilembedwe mosiyana pa mapepala awiri. Mndandanda wa olembetsa mayeso ukabwera kusukulu kuti aliyense atsimikize, mwana auyang'anitsitse ndipo asasaine pamene pali cholakwika. Akhalenso ndi nambala ya foni yodalirika ndi imelo yakeyake imene akukumbukira mawu ake achinsinsi, popeza kufunsira malo masiku ano kumadzera kwambiri pa intaneti, ndipo risiti ya ndalama yofunsira aisunge pamalo abwino.

Tsiku lodzaza fomu likafika, vuto lalikulu limakhala kusanja mapulogalamu. Kale kunali njira ya kota, imene inkayang'ananso boma limene wophunzira akuchokera, koma mu 2020 kunalengezedwa kuti njirayi yathetsedwa, motero chimene chikulankhula kwambiri tsopano ndi magiredi. Malo m'mayunivesite a boma ndi ochepa poyerekeza ndi chiwerengero cha okhoza, ndipo chaka chilichonse ambiri amene ali ndi makirediti okwanira amatsala. Pamene zinthu zili chonchi, ana ambiri amadzaza mipata yonse ya pafomu ndi mapulogalamu otchuka okhaokha, udokotala, zamankhwala, uinjiniya, kuwerengetsa ndalama, kumene akupikisana ndi akatswiri a dziko lonse a mapointi 6 mpaka 10. Akalephera poyamba amalepheranso pachiwiri ndi pachitatu, chifukwa mpikisano wake ndi womwewo. Nzeru yake n'kuika patsogolo chimene mtima ukufunadi ngati magiredi akuloleza, kenaka kutsatiza mapulogalamu oyandikana nacho amene sathamangiridwa ndi aliyense, ndiponso osadzimangirira ku yunivesite imodzi chifukwa choti ili pafupi ndi kwawo kapena kuti kuli achibale. Wokonda Biology amene sangafike pa udokotala angathe kupeza moyo wabwino m'sayansi ya zakudya, ya ziweto, ya nsomba kapena m'uphunzitsi wa sayansi, umene dziko likuusowa kwambiri.

Komabe asalembe pulogalamu imene sakuifuna n'komwe pongofuna kuti dzina lituluke pa mndandanda, chifukwa zaka zinayi ndi zambiri kwa munthu amene akuphunzira chinthu chimene chimamutopetsa, ndipo kusintha pulogalamu utalowa kale si chinthu chodalirika. Ndimachenjezanso za chizolowezi chopatsira munthu wa pamalo ogulitsa intaneti kuti adzaze fomu yonse yekha, mwini wake ataima kumbuyo kapena atapita kumsika. Munthu ameneyo angathandize pa kompyuta, koma sadziwa mwanayo, sanawerenge zofunika za pulogalamu iliyonse, ndipo ali ndi mzere wa anthu ena amene akumudikira. Mapulogalamu asankhidwe kunyumba, alembedwe papepala pamodzi ndi manambala ake, mphunzitsi awaone, ndipo pakompyuta pakhale pongokopera.

Ndalama nazo zimafuna kukonzekera kwa zaka, osati kwa masabata. Mabanja ambiri amasangalala dzina likatuluka, kenaka n'kudzidzimuka ndi fizi, malo ogona, chakudya, thiransipoti ndi laputopu kapena foni yamakono imene maphunziro a masiku ano akufuna. Zipinda zogona za pasukulu sizikwanira ophunzira onse, ndipo ambiri amachita lendi m'madera oyandikira, monga ku Chikanda ku Zomba kapena ku Luwinga ku Mzuzu, kumene eni nyumba amafuna ndalama zawo mwezi usanayambe. Bungwe la Higher Education Students' Loans and Grants Board, limene linakhazikitsidwa mu 2015, limapereka ngongole kwa ophunzira osowa, koma munthu amafunsira payekha atasankhidwa kale, amayenera kuonetsa umboni wa kusowa kwake, si onse ofunsira amene amalandira, ndipo ndalamazo sizifika nthawi zonse sukulu isanatsegulidwe. Tikumbukirenso kuti imeneyi ndi ngongole yoyenera kubwezedwa munthu akamaliza, kuti ena obwera m'mbuyo athandizike. Banja limene mwana wake akuonetsa kuti adzakhoza liyambe kupatula kenakake pa zokolola kapena ku banki m'khonde mwanayo adakali mu Fomu 3, ndipo achibale amene adzapemphedwe thandizo auzidwe nthawi idakalipo, kusiyana ndi kuwaimbira foni kutatsala sabata imodzi.

Kukonzekera kwabwino kumaphatikizaponso njira zina kupatula mayunivesite a boma aja, ndipo sindizitchula ngati zotonthozera olephera. Makoleji a Domasi ndi Nalikule amaphunzitsa aphunzitsi a sekondale, ndipo makoleji a aphunzitsi a pulayimale alipo m'zigawo zonse. Ofuna zaumoyo ali ndi Malawi College of Health Sciences komanso makoleji a mipingo a pansi pa CHAM, monga a ku Nkhoma, Ekwendeni, Malamulo, Mulanje Mission ndi St Luke's ku Malosa, amene atulutsa anamwino ndi azachipatala ambiri amene akutithandiza m'zipatala zathu. Makoleji a ntchito zamanja monga Lilongwe, Soche, Nasawa, Namitete, Salima ndi Mzuzu, mogwirizana ndi bungwe la TEVETA, amaphunzitsa zamagetsi, zamagalimoto, zamipope ndi zomangamanga, ndipo mmisiri waluso nthawi zambiri amayamba kupeza ndalama mnzake wa digiri akuyendabe ndi envulopu ya makalata ofunsira ntchito. Zambiri mwa sukulu zimenezi zimalengeza malo pa nthawi zake zosiyanasiyana, choncho amene wakhala chete kudikira mndandanda wa NCHE wokha angathe kuphonya zonsezi n'kutaya chaka chathunthu. Miyezi ya pakati pa mayeso ndi zotsatira za kusankhidwa ndi yaitali, ndipo ndi nthawi yoyenera kutsata zilengezo zimenezi ndi kuphunzira kugwiritsa ntchito kompyuta.

Kubwereza Fomu 4 kuli ndi malo ake, makamaka kwa mwana amene wagwa pa phunziro limodzi lofunika monga Chingerezi kapena Masamu pamene ena onse ali bwino, koma asanalembetsenso awerenge malamulo a chaka chimenecho pa nkhani ya magiredi opezeka pa mayeso a zaka zosiyana, kuti adziwe ngati akufunika kulembanso phunziro limodzi kapena onse. Kwa amene akuganiza za mayunivesite omwe si a boma, alipo okhazikika monga Catholic University of Malawi ku Nguludi, University of Livingstonia, Nkhoma University ndi Malawi Adventist University, koma pali zinthu ziwiri zoyenera kufufuza khobidi lililonse lisanalipiridwe. Choyamba, ngati sukuluyo inalembetsedwa ku NCHE. Chachiwiri, ngati pulogalamu imene mwana akufunayo inavomerezedwa, pakuti sukulu ingathe kukhala yolembetsedwa pamene mapulogalamu ake ena sanavomerezedwe, ndipo olemba ntchito, kuphatikizapo boma, amayang'ana zimenezi. Bungwe la NCHE limasindikiza mndandanda wa masukulu ndi mapulogalamu ovomerezeka, ndipo kwa ofuna unamwino kapena ntchito zina zachipatala ndi bwino kufunsanso ku Nurses and Midwives Council of Malawi kapena ku Medical Council of Malawi, chifukwa mabungwe amenewa ndiwo amapereka chilolezo chogwirira ntchito munthu akamaliza maphunziro.